Mahosi 1,000 ndi Nzimbe za ku Dwangwa

Magalimoto olusa kwambiri pa dziko lapansi masiku ano ali ndi batire m'mimba. Sindikunena kabatire kolizira injini m'mawa kaja, ndikunena batire yokankha matayala. Ferrari, Lamborghini, McLaren, Porsche, mpaka Bugatti, onse amene kale ankadzitama ndi phokoso la injini komanso fungo la petulo, pano akumangirira mota ya magetsi pambali pa injiniyo. Mwachidule, Ferrari ya mabiliyoneya ndi ka Aqua konyamula anthu pakati pa boma ndi Dwangwa ndi pachibale. Zonse ndi hybrid.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza. Munthu wa ku Nkhotakota, woyendera kabaza, n'kumatha bandulo kuwerenga za magalimoto oti hampu ya pamsika yokha sangaikwere, chamugwira n'chiyani? Anzanga amandifunsa zomwezo, ndipo funsolo ndi lomveka. Galimoto yotereyi mpata wa pansi pake ndi chikhatho chimodzi basi. Pa M5 pathu pano, ndi maenje ake, mbuzi zake ndi milatho yodikirana ija, ikhoza kusiya bampala isanafike n'komwe pa Chia. Koma ndikamawerenga zimene mainjiniya akunjako akusakasaka kuti galimoto ya mawa idzathamange, ndimangoona zinthu za kwathu konkuno: nzimbe, dzuwa ndi miyala. N'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga ngati ya eni ake okha.

Tiyambe ndi mmene chinthuchi chimagwirira ntchito, poti ambirife timangoti "hybrid siimwa mafuta" n'kuthera pomwepo. Injini ya petulo ili ngati munthu wamphamvu koma wovuta kudzuka. Imafuna izungulire kaye kwambiri kuti mphamvu zake zituluke. Ikakhala ya turbo ndiye pamakhala kamphindi kodikira, iwe waponda moto koma galimoto ikuganizabe. Mota ya magetsi ilibe zimenezo. Ukangoikhudza, mphamvu yonse yafika nthawi yomweyo, kungoti batire siichedwa kutha. Ndiye ukaziphatikiza, mota imagwira ntchito pamene injini ikudziwongola, injini n'kulandira ulendo ukatalika. Wa kunyanja aliyense amazidziwa izi. Pochoka pagombe, madzi ali m'mawondo, boti limayenda ndi mapewa a anthu ndi nkhafi. Injini amaitsitsa akafika pakuya.

Chachiwiri ndi mabuleki. Amene munatsikapo msewu wa M18 kuchokera ku Kasungu, kudutsa m'nkhalango ya nyama ija mpaka kuyamba kumva mphepo ya kunyanja, mukulidziwa fungo la mabuleki a lole yodzaza. Fungo limenelo ndi ndalama. Ndi mphamvu imene galimoto wamba imangoitaya ngati kutentha, n'kupita ndi mphepo. Hybrid ikamatsika phiri kapena kuima, mota ija imatembenuka n'kukhala jenereta: imagwira matayala kuti liwiro litsike, uku ikuthira magetsi m'batire. Aqua imasunga magetsi amenewo kuti ipulumutse mafuta poyenda pang'onopang'ono m'tauni. Ferrari imawasunga kuti iwakhuthule onse pamodzi potuluka pa kona. Nzeru ndi imodzi, mitima ndi iwiri.

Nzeruyi si ya lero ayi. Ferdinand Porsche anapanga galimoto ya injini ndi mota pamodzi cha m'ma 1900, dziko n'kuiwala. Toyota ndi imene inadzaiutsa ndi Prius mu 1997, ndipo kwa zaka zambiri okonda liwiro ankaiseka kuti ndi galimoto ya agogo yopitira ku tchalitchi. Kusekako kunathera ku mipikisano. Mu 2009 Formula 1 inalola chipangizo chotchedwa KERS, chosunga mphamvu ya mabuleki. Mu 2012 Audi R18 inakhala hybrid yoyamba kupambana Le Mans ku France, mpikisano wothamanga maola 24, usana ndi usiku. Mu 2013 kunatuluka zilombo zitatu chaka chimodzi: McLaren P1, Porsche 918 Spyder ndi LaFerrari, chilichonse cha mahosi cha m'ma 900. Kenako mu 2014 Formula 1 inasiya injini za V8 n'kutenga V6 ya malita 1.6, kukula kwake ngati ya Corolla, ndi lamulo loti mpikisano wonse galimoto isawotche mafuta opyola makilogalamu 100, pomwe kale inkawotcha cha m'ma 150. Sipanathe zaka zambiri, injini zimenezi zinafika potembenuza theka la mphamvu ya mafuta kukhala liwiro. Galimoto wamba ya petulo imataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu.

Lero manambala ake amachita kuseketsa. Ferrari SF90 ya 2019 ili ndi mahosi 1,000. Lamborghini Revuelto ya 2023 ili ndi 1,015, injini ya V12 ndi mamota atatu, ndipo kuchoka poima kufika makilomita 100 pa ola imatenga masekondi 2.5. Kwathu kuno injini ya boti ya mahosi 40 ndi yaulemu wake, mwini wake kayendedwe kamasintha akafika padoko. Tsono tangoganizani injini 25 zoterozo m'kagalimoto ka mipando iwiri, kopanda ndi poika thumba la usipa pomwe.

Imene imandigwira mtima ndi nkhani ya Mate Rimac wa ku Croatia. Mkulu ameneyu anatchuka ndi Nevera, galimoto ya magetsi okhaokha ya mahosi opyola 1,900, yopanda dontho la petulo. Atapatsidwa kuyendetsa Bugatti, ambiri ankayesa kuti injini yatha basi. Mu 2024 iye anatulutsa Tourbillon: injini ya V16, mamota atatu, mahosi 1,800. Ngati shasha wa magetsi weniweniyo wasungabe injini, ndiye kuti m'magalimoto amenewa injini siifa msanga. Wogula galimoto yotere sagula liwiro lokha. Amagulanso kulira kwake, ngati mmene wa njinga yamoto amachotsera dala sailensa kuti mudzi wonse udziwe kuti wadutsa.

Koma akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Kunyamula injini, thanki, mota ndi batire m'galimoto imodzi kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi kulemera. Pali BMW ina yotchedwa M5, dzina lofanana ndi msewu wathuwu. Ya 2024 ndi hybrid yochajitsa pakhoma, mahosi 727, koma imalemera kupyola makilogalamu 2,400, kuposa Hilux ya double cab. Poyerekeza ndi imene inalipo kale, yanenepa ndi makilogalamu pafupifupi 500, matumba 10 a chimanga amenewo. Pamsewu wowongoka sungamve kanthu, mphamvu imabisa zonse. Pa kona ndi pamene matayala ndi mabuleki amalipira ngongoleyo.

A Porsche anatenga njira ina pa 911 GTS ya 2024. Batire yake ndi ya 1.9 kWh yokha, yolemera makilogalamu 27, ndipo siichajitsidwa pakhoma. Mota imodzi ili mu giyabokosi. Ina yaing'ono ili mkati mwa turbo, imaizunguza utsi usanafike, ndiye kamphindi kodikira kaja palibenso. Galimoto yonse yangowonjezera makilogalamu 50, thumba limodzi. Ine ndikuona kuti tsogolo likulowera kumeneku. Batire ya galimoto yothamanga ya mawa idzakhala ngati kapu yokapira madzi m'bwato, yodzaza msanga n'kukhuthula msanga kambirimbiri. Mgolo wosungira madzi a sabata yonse adzausiyira magalimoto a pabanja ndi mabasi.

Tsono ngati injini ikhalapobe, idzamwa chiyani? Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhotera ku Dwangwa.

Mayiko a ku Ulaya akhala akukokanakokana pa lamulo loti kuyambira 2035 magalimoto atsopano asamatulutse utsi wowononga nyengo, ndipo opanga magalimoto othamanga akufunafuna mafuta osachokera pansi pa nthaka kuti injini zawo zipulumuke. Malamulo a Formula 1 a 2026 anakweza mphamvu ya mota kuchoka pa 120 kW kufika pa 350 kW, pafupifupi theka la mphamvu yonse ya galimoto, ndipo mafuta ake sayenera kuchokera ku zitsime za mafuta. Ku America, mpikisano wa IndyCar kuyambira 2023 umagwiritsa ntchito mafuta okhala ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe za ku Brazil, ndipo mu July 2024 anawonjezerapo hybrid. Koenigsegg Jesko ya ku Sweden ikamwa petulo imatulutsa mahosi 1,280, koma ikamwa mafuta a E85, amene gawo lalikulu ndi ethanol, imafika 1,600. Chifukwa chake ndi chakuti ethanol amapirira kupanikizidwa, sayaka nthawi isanakwane, komanso amaziziritsa mkati mwa injini, ndiye mainjiniya amatha kuifinya kwambiri osaiphwanya. Vuto lake ndi limodzi: lita ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo, ndiye thanki siichedwa kuuma. Apa ndi pamene hybrid imalowera, kubweza chimene chatayika. Toyota inaziona kale izi, mu 2019 inatulutsa ku Brazil Corolla ya hybrid yotha kuyendera ethanol yekha.

Ethanol ndi mchimwene wake wa kachasu, kungoti iyeyu anapita kusukulu. Ndipo pa Dwangwa, m'boma lathu lomwe lino, kampani ya EthCo yakhala ikumutcheza kuyambira 1982, kuchokera ku molasesi, uchi wakuda wotsala popanga shuga. Nthawi imeneyo mafuta anali atakwera mtengo pa dziko lonse, nkhondo ya ku Mozambique ikusokoneza njira za ku Beira ndi Nacala, ndiye dziko lopanda doko la nyanja yamchere linayang'ana m'munda mwake. Kuyambira pamenepo petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Mu 2004 PressCane inayambanso kupanga ku Chikwawa. Ndiye kuti njinga yamoto iliyonse ya kabaza pa Nkhotakota yamwapo nzimbe, mwini wake kaya akudziwa kaya sakudziwa. Formula 1, ndi ndalama zake zonse zija, inafika pothira ethanol 10 pa 100 mu 2022, patatha zaka 40 ife titayamba kusakaniza. Cha m'ma 2007, Pajero yosinthidwa ku Lilongwe Technical College inayenda kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu ndi ethanol. Nzeru zinalipo, abale.

N'chifukwa chake mizere ya mafuta ya 2022 ndi ya kumapeto kwa 2024 inkandipweteka pawiri. Ndinagonapo pamzere ndi amalume anga, galasi lotsitsa theka chifukwa cha kutentha, udzudzu ukuchita phwando, anyamata a zigubu akuzungulira ngati afisi. Mafuta athu amachokera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, amagulidwa ndi madola, ndipo madolawo ndi amene kunalibe. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Koma ukangopita chakumpoto pang'ono, kuwoloka Bua, nzimbe zili mbuu mpaka kumene maso alekezera. Amalume anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mphwanga, ife ndi anthu ofa ndi ludzu miyendo ili m'madzi."

Sindikunena kuti tidzale nzimbe paliponse ndiye mavuto atha. Molasesi ndi wochepa, amadalira kuchuluka kwa shuga amene wapangidwa chaka chimenecho. Nzimbe zimamwa madzi kwambiri, ndipo dambo limene nzimbe zimakonda ndi lomwelo limene amayi athu amalimamo mpunga. Mikangano ya malo yokhudza nzimbe yakhala ikumveka m'boma lino kwa zaka zambiri, ndipo amene analandidwapo munda sangasangalale ndi nkhani ya mahosi. Palibe amene angasinthanitse kondowole wa ana ake ndi liwiro la mlendo. Koma pomwepo ndi pamene nzeru za ku mipikisano zija zili ndi ntchito kwa ife. Galimoto yomwa theka la mafuta imapangitsa ethanol wochepa yemweyo kufika patali kawiri. Ndipo ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe zofinyidwa kale, ngati wa IndyCar uja, safuna munda watsopano. Onjezeranipo dzuwa: kuyambira 2023 Nkhotakota ili ndi siteshoni ya magetsi a dzuwa ya 21 MW, ndipo ku Salima kuli ya 60 MW. Hybrid yochajitsa masana ndi dzuwa la kunyanja, n'kumwa nzimbe pa ulendo wautali, imafuna madola ochepa kwambiri kuti iyende. Kwa bilioneya wa ku Monaco imeneyo ndi nkhani yodzitamira kwa anzake. Kwa ife ndi nkhani yoti ambulansi inyamuke kapena isanyamuke.

Ndiye pali miyala. Mamota ang'onoang'ono koma amphamvu a m'magalimoto awa amadalira maginito opangidwa ndi neodymium ndi praseodymium, ndipo mabatire a lithium amafuna graphite. Miyala ya maginitoyo ili pa phiri la Kangankunde ku Balaka, kumene kuli kampani ya Lindian Resources ya ku Australia, komanso pa Songwe Hill ku Phalombe, kumene kuli Mkango Resources. Graphite ali ku Kasiya m'boma la Lilongwe, limodzi ndi rutile, pa ntchito ya Sovereign Metals imene Rio Tinto inagulamo masheya mu 2023. Pakadali pano China ndi imene imayenga pafupifupi 90 pa 100 ya miyala ya maginito pa dziko lonse, ndipo mayiko ena akuthamanga uku ndi uku kusaka kwina kogula. Sichingakhale chodabwitsa tsiku lina mota ya Ferrari itakhala ndi dothi la ku Balaka mkati mwake. Funso ndi loti dothilo lidzachoka kuno lili chiyani, ndipo lidzasiya chiyani. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014 mitengo itagwa. Amene tinali ana nthawi imeneyo tinakula tikumva akuluakulu akukangana kuti dziko linapindulanji. Sindikufuna ana athu adzakule akumva mkangano womwewo, dzina la phiri lokha litasintha.

Koma njira imene magalimoto othamangawa amatifikira mosakayikitsa ndi ya kaunjika. Chimene chayesedwa pa Le Mans lero, pakatha zaka chimalowa m'galimoto wamba ku Japan, ndipo pakatha zaka zina 10 chimatsika pa sitima ku Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, kukwera mtunda wa ku Chiweta, mpaka kudzaima pa depoti yathu. Amalume aja anagula ka hybrid kawo motero, kali ndi zaka zake kale. Kanawatumikira bwino, mafuta kankangonyambita. Tsiku lina mu October, dzuwa likuswa mtengo, pa dashibodi panayaka nyali yofiira, kagalimoto n'kuyamba kuyenda ngati kadwala malungo. Tinakakankhira kwa makaniko wathu wa pansi pa mtengo wa mango, bambo woti injini amaimva ndi khutu, wakhala akuukitsa malole akufa ine ndisanabadwe. Anatsegula, anaona mawaya a olenji aja, n'kubwerera m'mbuyo akupukuta manja.

"Achikulire, izi zimapha. Ine pamenepa sindigwirapo."

Ankanena zoona. Mabatire a ma hybrid akalewa amakhala ndi mavoti kuyambira 140 mpaka kupyola 200, okwanira kuimitsa mtima wa munthu. Kagalimotoko kanakhala pakhomo miyezi itatu, nkhuku zikugona pansi pake, amalume akudya ndalama ya mpamba. Mpaka kunabwera mnyamata wina kuchokera ku Lilongwe, wamng'ono kwa ine, ndi kachipangizo kolumikiza ku foni. Anapeza kuti kafani koziziritsa batire katsekeka ndi fumbi, kutentha kwa kunyanja n'kupsereza timaselo tingapo. Anayeza kamodzikamodzi, anasintha takufato, madzulo galimoto inalira. Ndalama imene analandira tsiku limodzi, makaniko wathu amaipeza pa mwezi. Timaselo takufa tija anatisiya pakhonde, ndipo panalibe amene ankadziwa kotitaya. Kuno dzala lililonse mvula ikagwa limathera m'nyanja, momwe timamwa ndi kuwedzamo.

Tsono magalimoto othamanga a lero ali pa mavoti 400, ena 800. Turbo ya magetsi ya Porsche ija, imene lero ndi ya olemera okha, sindikukayika kuti cha m'ma 2040 idzakhala mu ka Sienta ka nthawi imeneyo, kodzaza anthu asanu ndi anayi ndi dengu la chambo, kakuthamangira ku Salima. Kadzafika ndithu, kaya takonzeka kaya ayi, chifukwa ife timagula zimene ena atopa nazo. Kakadzayatsa nyali yofiira pa Benga, adzakatsegule ndani?

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mgodi ndi nkhani ya boma ndi makampani, ethanol ndi nkhani ya malamulo ndi mitengo, tingathe kukuwa ndi kuvota koma sitingazigwire ndi manja mawa m'mawa. Luso lokha ndi limene lili pafupi. Ndikanakonda maphunziro a umakaniko a TEVETA m'makoleji athu onse atamaika mawaya a olenji patsogolo, osati kumapeto kwa silabasi. Ndikanakonda pa boma lililonse patakhala malo olandirira mabatire akufa, ngakhale kakontena kamodzi kokhoma. Ndipo iwe amene ukuwerenga izi pa foni, wamaliza Fomu 4 ndipo ukuganiza zoti ugule njinga ya kabaza kapena upite ku Joni, taganizirakonso za ntchito imene mnyamata wa ku Lilongwe uja amagwira. Foni uli nayo kale m'manjamo. Ma hybrid akuchuluka pamsewu mwezi ndi mwezi, mabatire ake onse akukalamba, ndipo kuyambira pa Benga mpaka pa Dwambazi odziwa kuwatsegula osapsa ndi owerengeka.

Makaniko wathu wa pansi pa mango sanafune kuphunzira zatsopanozi, akuti maso atha ndipo manja anazolowera girisi. Koma mwana wake wamkazi, amene ankamupatsira masipanala ali wamng'ono, anamulembetsa maphunziro a zamagetsi a galimoto. Pa tchuthi chapitachi ndinamupeza pagalaja atavala magolovesi a mphira ofika m'zigongono, mpando wakumbuyo wa hybrid ina atauchotsa, mita ili m'manja. Bambo ake anaima chapatali ndithu, atagwira tochi, akumuunikira.